Pulofesa Thewera

12 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikulemba mwaulemu wonse kudandaula za envelopu yanu, imene munalembapo kuti "Kwa Pulofesa Thewera." Wobweretsa makalata anaiwerenga mokweza pageti la kuntchito, alonda mpaka kuwomba m'manja. Dziwani kuti ine sindisoka matewera. Ndimalamula kompyuta kuti iwerengetsere mmene dontho limayendera m'timipata ta ulusi wosaluka, ulusi wongopanikizana ngati anthu m'basi. Zaka zisanu ndi ziwiri za kuyunivesite, inu n'kungozipinda panayi!

Dzinalo ndikanalipirira likanakhala nthabwala chabe. Koma tsiku lija Bambo anafa ziwalo, munati, "Katswiri tili naye kale," abale nonse n'kuseka, n'kukwera mabasi. Chiyambire, m'mawa ndimasintha Bambo thewera, masana ndimayang'ana madzi abuluu akuyenda pakompyuta, madzulo ndimawasinthanso. Munthu wa m'kompyuta amene timayeserapo matewera amagona chagada osagwedezeka, ndipo sipadontha kanthu. Bambo amatembenukira kukhoma kuti ndisawaone nkhope, ndiye zonse zimathawira m'mbali. Manyazi awowo ndi amene anandikonzetsa masamu anga. Abwana anafunsa kuti, "Nzeru zimenezi mwazitola kuti?" Ndinati m'mabuku.

Tsopano akufuna kunditumiza kutali kukatsogolera labotale yatsopano, ndiyankhe mwezi uno usanathe. Kalata yokana ndinalemba kale. Ili m'chikwama, ikupita nane kuntchito ndi kubwera nane tsiku lililonse.

Poti mumati ndine katswiri, imvani phunziro laulere. Madzi safuna ulusi wamphamvu, amathamangira umene suwakana. Umangomwa, kumwa, pamwamba pakuoneka pouma, aliyense n'kumayamikira. Koma ukakhuta, kungoudina ndi chala zonse zimabwerera. Dzulo Bambo anatayira tiyi pabulangete, ine n'kuwakalipira. Anapepesa, Achimwene. Bambo athu aja, kupepesa kwa ine.

Choncho ndikufuna chipepeso. Mundibwezere ma Loweruka anga makumi asanu ndi atatu amene ndakhala ndikusamala Bambo ndekha, lililonse lokulungidwa palokha, louma, losagwiritsidwapo ntchito. Akakana kuwalandira ku positi, mubwere nawo nokha mwezi usanathe. Magolovesi ndikupatsani, maphunziro ake ndi a mphindi khumi, ndipo digiri safunsa.

Moni kwa alamu ndi ana. Bambo akuti musavutike kubwera, ali bwino. Anandiuza kuti ndilembe choncho, ndiye ndalemba.

Ine mlongo wanu,
Pulofesa Thewera