Phazi la Bambo pa Sipika

Barrio Obrero, Cali
Mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mchimwene wanga Duván,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kumeneko ku Valencia, pamodzi ndi alamu anga a Sorany. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno tonse tili moyo. Mayi miyendo imawavuta kukachita mitambo, koma pandebono, buledi wathu wa tchizi uja, akuphikabe m'mawa uliwonse, ndipo a mumsewu wathu akumulimbiranabe asanazizire.

Uthenga wako ndinaumvera, ndipo ndinamva kuwawa m'mawu ako. Unati unadzimana kuti ugulire bambo ampulifaya yopepuka ija ya gitala yawo ya besi pofuna kupulumutsa msana wawo, koma pa chithunzi chilichonse chimene ndimakutumizira amaoneka ataima pambali pa chimphona chawo chija, ampulifaya yakale. Unadandaulanso kuti ukaimba foni amangoti "eya, eya, mwanawe" n'kupatsira mayi. Sindinakuyankhe nthawi yomweyo chifukwa nkhaniyi si ya pafoni. Khala pansi, iwe, ndikuuze.

Tsiku limene katundu wako anafika, bambo anatsegula bokosi okha. Ampulifayayo anainyamula ndi zala ziwiri, anaiyang'ana pansi ndi pamwamba, kenaka anafunsa ngati mbali yotsalayo ikubwera m'mbuyo. Titawauza kuti ndi yomweyo yonse, ndi kasipika kake komwe, anaipukuta bwinobwino n'kuiika pamwamba pa kabati. Mayi anaifunditsa kansalu koluka.

Lamlungu lotsatira kunabwera azakhali a Nubia. Ukudziwa kuti chiyambireni kuimba besi m'gulu lawo la amayi lija, iwo ndi bambo sanagwirizanepo pa kalikonse kupatula sancocho, msuzi wa nyama wa mayi uja. Atangoona kansalu kaja anagwira m'chiuno.

"Achimwene," anatero, "mwana wakugulirani msana watsopano, inu mwaufunditsa nsalu ngati fano la m'tchalitchi?"

Bambo sanaleke kuseteka fupa lawo. Anati, "Nubia, kameneko ndi kawailesi. Besi imafuna moto. Mababu akayaka m'kati mwa yangayi mawu amatuluka onenepa, ofunda, amafika pachifuwa n'kukhazikika. Zanu zamakonozi mawu ake ndi oyera, sindikana, koma ndi owonda. Msuzi wopanda fupa."

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Anati bokosi la maliro limenelo limafuna amuna atatu ndi galimoto, ndipo babu limodzi likapsa munthu amayenda mzinda wonse kulisaka. "Yanga ndimaikoleka paphewa, ndikwera nayo basi, ndifika ndisanatuluke thukuta. Ndipo ovina sanandifunsepo ngati m'kati muli mababu."

"Ovina ako ndi aulemu, n'chifukwa chake," anatero bambo.

Mkanganowo unathera pakhonde. Anatulutsa zonse ziwiri, yako ndi yawo, n'kumaimba mosinthana, azakhali pa yopepuka, bambo pa chimphona. Duván, ndinalakalaka ukanakhalapo. Azakhali zala zawo zimathamanga ngati madzi a m'ngalande, kamvekedwe kalikonse poyera. Bambo amakhudza chingwe kamodzi, n'kudikira, n'kukhudzanso pamene sumayembekezera, ndipo chiuno chako chimayamba chokha usanachiuze. Msewu wonse unadzaza. A Baudilio, oimba ng'oma a m'gulu la bambo aja, titawapempha kuti aweruze anati mlandu wotere sauweruza ndi mbale imodzi yokha.

Tsopano imva zimene zinachitika kumayambiriro a mwezi uno.

Gulu la bambo linaitanidwa ku dansi wa achikulire wa Lamlungu masana, m'holo yam'mwamba ija pafupi ndi paki. Chimphona tinachikweza pamasitepe ine, bambo ndi a Baudilio, tikupuma panjira. Atachiyatsa, kunamveka kuti "thu!", kenaka fungo la chinthu chopsa. Mababu ake onse anazima. Holo inali itadzaza kale, agogo aamuna atavala nsapato zawo zoyera, agogo aakazi atadzola milomo.

Ndinathamangira kunyumba, ndinachotsa kansalu ka mayi, n'kubwera nayo ampulifaya yako m'dzanja limodzi, kasipika m'dzanja lina. Bambo ataiona nkhope yawo inasintha. Ndinkayesa ndi mkwiyo. Sunali mkwiyo, anali mantha.

Nyimbo yoyamba itayamba, bambo anasochera. Bambo athu, amene chibadwire changa sindinawamvepo akuphonya. Mawu amatuluka bwinobwino m'kasipika, koma zala zawo zimagwira malo olakwika ndipo iwo samazindikira. Oimba lipenga anayamba kuyang'anana. Ovina ena anaima. Pamenepo ndinaona mwendo wawo wamanzere ukubwerera m'mbuyo, ukufufuza, ngati munthu wofuna sitepe mumdima.

Azakhali anabwera tsikulo kudzavina chabe, koma nawonso anauona mwendowo. Anasiya mkulu wina amene ankavina naye ali chiimire, anakwera pansanja ndi diresi lawo lofiira, n'kugwada pamapazi a mchimwene wawo anthu onse akuona. Anawamasula nsapato, anawavula sokosi, anakokera kasipika pafupi, n'kunyamula phazi la bambo kuliika pamwamba pake.

Bambo anakhudza chingwe chachikulu. Ndinaona zala zakuphazi zikugwira thabwa. Anakhudzanso. Kenaka anatsinzina, anagwedezera mutu a Baudilio, ndipo chimene chinatuluka pamenepo sindidziwa ndikufotokozere bwanji. Besi inabwerera pamalo pake ngati chitseko chabwerera m'mphuthu. Mayi wina wa ndodo anaisiya ndodoyo pampando. Bambo anaimba mpaka dzuwa kupendeka, phazi limodzi m'nsapato, lina lili pa mphatso yako, thukuta likuyenderera m'khosi, akumwetulira ngati wachinyamata.

Dansi atatha tinakhala pamasitepe, iwo akuvala sokosi. Ndi pamene anatiuza. Makutu awo anayamba kutseka zaka zapitazo. Iwo amatsatira anzawo powayang'ana manja, koma mawu a besi yawo amawamvera m'mwendo, atautsamiritsa pa thabwa lolemera la chimphona chija. Kasipika kako n'kakafupi, kamalekera m'munsi mwa bondo, ndipo anali asanaganizepo zopondapo. Ankaopa kuti gulu likadziwa lifuna wina. Foni nayonso, iwe, amangomva phokoso. Ankachita manyazi kukuuza kuti ubwereze.

A Baudilio anatembenukira kwa bambo n'kunena kuti, "Eliécer, zoti sumamva ife tinazidziwa kalekale. Timangoyesa ndi khalidwe." Bambo anawayang'ana pakamwa, anamvetsa, n'kuseka mpaka misozi. A Baudilio anawonjezera kuti wofuna kuchotsa Eliécer m'gululo ayambe wachotsa ng'oma.

Azakhali anali akupukuta m'maso, koma usaganize kuti anagonja. Anayandikira khutu la bambo lakumanja n'kukuwa kuti, "Ndiye zonse zija za mawu onenepa linali bodza?"

"Bodza la chiyani?" anatero bambo. "Mwendo wanga ukunenabe kuti yamababu ndiye mfumu. Koma phazili likuti kamwanaka sikanama."

Mpaka lero akukanganabe. Chimphona anachikonzetsa, chili pabalaza, ndipo amachiyatsa Loweruka kuti, mwa mawu awo, nyumba ikumbukire besi yeniyeni. Koma kuntchito amapita ndi yako. Amaikoleka paphewa, amakwera basi okha, ndipo msana sunawavutenso. Anthu ayamba kubwera kudzaona mkulu woimba wopanda nsapato. Oimba besi awiri a m'magulu ena anayesa kuvula zawo, bambo n'kuwauza kuti ayambe asamba mapazi.

Ndimawayang'ana, Duván, n'kumadabwa. Munthu kuimbira mzinda wonse zaka zonsezi nyimbo imene iye mwini sakuimva, osaphonya, osadandaula kwa wina aliyense.

Ine ndi azakhali tinawakokera kwa dokotala wa makutu. Anati lakumanzere linatheratu. Lakumanja likadalipo pang'ono, ndipo kachipangizo kovala kawathandiza kumva munthu akamalankhula pafupi, koma sangalonjeze kuti zikhala choncho mpaka liti.

Pempho langa ndi ili. Bwera mu Disembala akubwerayu, usadikirenso chaka china. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo tchuthi n'chovuta kupeza, koma bwera, ndipo ubwere naye mwana wako Maite. Chibadwire chake bambo amangomuona pazithunzi akutsegula kukamwa. Pobwerera kwa dokotala, tili m'basi, anandigwira mkono n'kunena kuti nyimbo zonse za padziko anazimva, zinawakwana, sakudandaula. Chimene akufuna n'chakuti kamtsikanako kakhale pamwendo pawo, kayandikire khutu lakumanjali, kanene kuti "agogo" iwo akumvabe.

Sanandiuze kuti ndikulembere zimenezi. Akadziwa andikalipira, koma ndi bwino andikalipire iwe uli pano.

Undiperekere moni kwa alamu anga, ndipo Maite umupsompsone pachipumi m'malo mwanga. Mayi akuti uzivala zofunda. Azakhali akuti unasankha bwino ndipo usalole wina akunamize. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulireni njira yobwerera kwanu.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Yamileth