Mbale Khumi ndi Envelopu

Lolemba, 3 Malichi
Msonkhano woipa. Zaka ziwiri ndikubaya mazira a nungu zam'nyanja, tinyama taminga tija, kutseka jini imodzi, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, kuti ndione ngati miluza imera timafupa. Simera. Lero Wamagalasi, mnzanga wa tebulo loyandikana, akuti wayesa katatu, yake yamera bwinobwino. Aprofesa osandiyang'ana n'komwe. "Mubwereze, koma mbale za miluza alembe wina."

Lachiwiri, 4 Malichi
Nungu zaikira mazira ambiri, mwayi. Kubaya kuyambira m'mawa, singano yagalasi, diso pa maikulosikopu. Khosi kuuma. Mbale zisanu mankhwala otseka jini, zisanu madzi chabe. Amayi osunga labu afufuta zolemba zanga, aika manambala awo, pepala losonyeza zomwe zili m'mbale iliyonse m'envelopu, envelopu m'kabati. "Ngakhale mundigulire fanta sindikuuzani."

Lachitatu, 5 Malichi
Miluza ikuzungulira m'madzi. Yamoyo, kaya zina.
Mayi anga aimba foni. Ndati ndikulimbana ndi majini. Iwo: "Mwanawe, ukupemphera koma?" Ndaseka koyamba sabata ino.
Nanga ngati ndinkaona zomwe mtima unkafuna?

Lachisanu, 7 Malichi
Ndawerenga dzulo ndi lero, mluza umodziumodzi. Mbale 2, 3, 6, 8, 9: timafupa tikuwala, timikono tatambasuka. Zinazo timipira chabe, mulibe kanthu. Ndapereka pepala langa kwa aprofesa.
Envelopu atsegula tonse tilipo. Zisanu zopanda mafupa ndi zomwe ndinatseka jini. Zonse zisanu.
Aprofesa: "Chabwino. Lembani." Basi, n'kutuluka.
Ndakhala pa masitepe akuseri, nsapato nditavula. Njala yomwe, kuyambira Lolemba sindinaimve.

Lamlungu, 9 Malichi
Kugona mpaka dzuwa pamutu. Kuchapa. Bambo a mwana akuti nkhope yanga yabwerera.

Lolemba, 10 Malichi
Wamagalasi wandipeza posambitsira mbale. Akuti mankhwala ake anawaiwala kunja kwa firiji mu Januwale, masiku atatu, anatha mphamvu. Wazindikira Loweruka. Maso pansi. "Achemwali, mukawauza aprofesa ndinu, ine ntchito yatha."
Ndinkayesa ndikwiya. Ayi, kupepukidwa basi: tsopano ndadziwa chifukwa.
Ndamuuza akanene yekha mawa, ndimuperekeza mpaka pakhomo la ofesi ya aprofesa. Kulowa ayi.