Thabwa la bawo lomwe ndinapatsa nkhuku

Lachinayi, Meyi 1995.

Abambo a Tadala anagwa m'chigafa m'mawa akusankha fodya, munthu woti sanadandaulepo ngakhale mutu. Tinawatengera pangolo kuchipatala ku Mitundu, ine njira yonse ndikuganiza kuti wina wawachita chipongwe chifukwa fodya wathu wachita bwino.

Adokotala atawayeza anati BP yakwera kwambiri. Kenako anandifunsa, "Mayi, bambowa amapuma nthawi yanji? Amacheza ndi ndani?"

Titayamba kulima fodya wathuwathu, ndine ndinawaletsa bawo. Alamu anga a ku Nathenje ankabwera panjinga Loweruka lililonse, awiriwo n'kumaseka pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkati ndi ulesi. Thabwa la bawolo ndinaliika kukhola, nkhuku zakhala zikudyeramo gaga zaka ziwiri.

"Mtima nawo umatopa," anatero adokotala. "Munthu azikhalako pansi, aziseka."

Awagoneka m'chipatalamo. Atatsegula maso, mawu awo oyamba anali akuti, "Fodya uja mwamufunditsa?"

Thabwa ndalikwecha ndi mchenga, likuuma pathandala. Alamu ndawatumizira uthenga. Koma chowauza amuna anga akalipeza pakhonde, ndiye sindikuchidziwa.