Ndodo Yanga Si Youlutsira Nkhunda

Lolemba, 6 Okutobala

Ndaipeza. Padenga.

Chibwerereni ku Sialkot kwa mwana wanga wamkazi, kumene ndinagonerako miyezi yotentha yonse atandichotsa ng'ala m'maso, ndakhala ndikufunsa kuti ndodo yanga ya sinuka, yomenyera mipira pa tebulo, ili kuti. Aliyense m'nyumba muno ankangoti kaya. Lero ndakwera padenga kukaothera dzuwa, ndaiona itatsamira khola la nkhunda la Tanveer, kunsonga atamangako chisanza chofiira. Mwana wanga wobereka ndekha wakhala akuulutsira nkhunda zake ndodo yanga. Dzuwa lonse lija, mvula yonse ija, iyo ili panja.

Yatuwa ngati fupa lotayidwa. Kachikopa ka kunsonga kulibe, kamphete ka mkuwa kakugwedera. Ndatsinzina diso limodzi n'kuiyang'ana kuchokera kutsinde: yapindika.

Mtengo wa ashi wa ku Mangalande umenewu. Ndinali nayo iye asanabadwe. Mzinda wonse wa Gujranwala unkabweretsa ndodo zake kwa ine, Inayat, kuti ndizikonze, ndipo ndi ntchito imeneyo inamuphunzitsa sukulu imene ine ndinailekera panjira.

Akuti, "Abba, ndimayesa munasiya. Si kamtengo chabe?"

Ndinainyamula n'kutsika nayo. Chakudya chamadzulo sindinadye.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kani nkhani yeniyeni ndi chipinda. T. wainena lero pa tiyi, maso ali m'kapu. Chipinda changa chapansi, choyang'ana kumsewu, muli benchi langa ndi zida, akufuna kulowetsamo munthu wogulitsa mafoni. Ine ndikwere m'kachipinda ka padenga. Akuti kuli kamphepo kabwino. Akutinso manja anga akunjenjemera, zida zangosanduka zokongoletsa.

Kamphepo. Pakati pa zitosi za nkhunda.

Ndamuuza kuti chabwino, manjawo tiwayese. Ndodo waiononga ija ndiikonza. Loweruka la sabata yamawa tikaigubuduze pa tebulo la Dilawar, mnzanga wa kalabu ya sinuka ya kuseri kwa msika. Tebulo silinama. Nsonga ikakapanda kugwedera, chipinda n'changa mpaka adzanditulutse pa machira. Ikakagwedera, bedi ndinyamula ndekha.

Waseka, wavomera. Mpongozi wanga Rukhsana anali pomwepo akuphika chapati, wamva zonse. Mboni ndi iyeyo.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndapala kutuwa konse ndi kagalasi koswa, kenako sandipepa, kutsata mizere ya mtengo, ndodo ikuzungulira m'dzanja osaima. Ukaima malo amodzi wapanga phwatalala, ndipo mtengo ukachotsa subwerera. Dzanja lamanja limanjenjemeradi, chabwino. Ndikalitsamiritsa pa bondo limamva.

Pansi pa kutuwako mtengo uli moyo. Mivi ija yaoneka, mizere yosongoka imene diso limatsata ukagona pa tebulo. Ndaiona ndipo ndakhala pansi kaye.

Madzulo ketulo pamoto, nthunzi pamalo popindikapo, kenako kukankha pang'onopang'ono m'mphepete mwa benchi. Ukapupuluma imathyoka mkati osakuuza. Ndaipachika pa mbedza ya kudenga, nsonga m'mwamba, njerwa kutsinde.

Lachinayi, 9 Okutobala

Nthunzi kachiwiri. Ikumvera. T. wadutsa pakhomo ndi munthu wa mafoni uja, akuyeza khoma ndi maso. Ndawatsekera chitseko.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mmawa inali yowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga. Ndinaitsitsa, ndinaigoneka pa benchi, mtengo uli mbee, wopanda kanthu, kudikira mafuta a alsi, aja opaka matabwa, amene ndinati ndikagule pochokera kumzikiti.

Pobwera, fungo landilonjera pakhomo. Chipinda chonse kununkha achali, mango aja oviika m'mafuta a mpiru.

Rukhsana waipaka mafuta a mpiru. Ndodo yonse, kuyambira kunsonga mpaka kutsinde, mosaumira. Waima pamenepo manja ali nyezinyezi, akumwetulira. Akuti anaona kuti yauma kwambiri anaimvera chisoni, ndipo bambo ake kumudzi ankatero ndi chibonga chawo ndi miyendo ya bedi, mpaka lero chiswe sichinalawe.

Mafuta a mpiru sauma. Alsi amalowa n'kuuma n'kusanduka khungu la mtengo, koma mpiru umangokhala mmenemo, kutuluka thukuta nthawi yotentha, kumata pa zala. Mtengo wosapakidwa kanthu wamwa ngati munthu womasula swaumu atasala tsiku lonse.

Ndinamufunsa ngati akufuna kuikazinga ndi anyezi. Ndinanenanso zina. Watuluka.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndapukuta ndi nsanza mpaka mkono kuwawa. Ukaisiya pang'ono mafuta atulukanso. Kupala sindingapale, ingasanduke chotokosera m'mano.

Ndinapita kwa Dilawar kukazizitsa mutu. Wakalamba kuposa ine koma pakamwa pake mpachinyamata. Nkhani ya mpikisano wathu yafika kale. Akuti, "Iwe Inayat, ukakwera padengapo udzatiitane, tidzakuulutse ndi chisanza." Anthu kuseka. Wandinunkhiza m'manja n'kufunsa ngati ndatsegula malo ogulitsa nsomba zokazinga. Wati andibwereke ndodo ina yofanana, T. sangasiyanitse. Ndamuuza kuti ndodo zake n'zabwino kupondera mpunga.

Kunyumba tiyi ndampeza pakhomo la chipinda, wozizira. R. sanalowe.

Lamulungu, 12 Okutobala

Wagogoda mmawa, m'manja muli mbale ya dongo la ku Multan, lija akazi amapaka kumaso. Wayang'ana pansi. Akuti, "Abba ji, ili limayamwa mafuta pankhope. Mwina ndi pamtengo pomwe."

Ndinafuna kumubweza. Koma nzeru yanga inali itatha.

Tapaka tonse awiri, iye wagwira kutsinde, ine kunsonga. Litauma dongolo lada, lamwa mafuta. Tasasa, tapakanso. Wandiuza kuti T. sagona bwino, malonda a kusitolo yake akuyenda mokwawa. Ndamuuza kuti zimenezo akauze nkhunda.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mafuta atha, fungo latsala pang'ono. Koma dongo linali lonyowa, ndipo chinyezi chadzutsa kupindika kuja. Mtengo suiwala pamene unagonera. Nthunzi kachitatu, njerwa ziwiri. Ikanafunika kulendewera mwezi wathunthu.

R. wati akamuuze mwamuna wake kuti wolakwa ndi iye, awonjezere masiku. Ndamuletsa. Sindipempha masiku kwa mwana amene ndinkamupukuta mamina. Komanso ndikumudziwa T., angamukalipire mkaziyo mpaka chaka chamawa. Za mpiru zithere m'chipinda muno.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mwaye wa nyali ndi dontho la alsi, kupaka m'mizere, kupukuta. Mivi yada bwino. Kenako alsi yekha, pang'ono, kupaka ndi chikhatho mpaka mtengo utenthe. Chikhatho, osati nsanza. Anyamata a masiku ano amapopera vanishi ngati akukonza kabati ya mkwatibwi.

Kamphete ndakamata. Kachikopa katsopano, ndakasema kakhale kozungulira ngati kachipewa ka kumzikiti. Mpeni unandipulumuka kamodzi, chala chamanzere. Palibe waona.

Lachisanu, 17 Okutobala

Yakongola kuposa kale. Mtundu wa uchi. Imatsetsereka pa chala ngati sopo.

Pansi m'nyumba muno mpokhota, sindingayesere. Diso likundiuza kanthu kena. Diso lake lochita kusokedwa ku Sialkot, mwina likunama.

Loweruka, 18 Okutobala

Kalabu inadzaza ngati kuli maliro a munthu wolemera. Dilawar anasesa nsalu yobiriwira ya pa tebulo, anachotsa mipira yonse. T. anabwera atavala malaya oyera, wosamasuka, chifukwa chibadwire sanapondemo. Mayi ake, Mulungu awachitire chifundo, ankati m'menemo ndi mwa anthu osowa chochita.

Ndinaigoneka pa tebulo, ndinaikankha ndi zala ziwiri.

Inagubuduka bwinobwino, koma nsonga inkagwedeza mutu. Pang'ono zedi, mwina pongodutsa kapepala ka ndudu. Koma inkagwedeza. Dilawar anaona, anayamba kukanda ndevu n'kumayang'ana kudenga.

T. anawerama, anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anati, "Yawongoka, Abba. Mwapambana. Tiyeni kunyumba."

Ndinamufunsa ngati ng'ala zanga anatola ndi iye. Ndinaigubuduzanso, chala changa chili pansonga kuti aliyense aone. "Yapindika iyi," ndinatero. "Ndakonza ndodo moyo wanga wonse, sindinaperekepo yokhota n'kuitcha yowongoka. Chifundo chako kapatse nkhunda."

Dilawar anati chapansipansi, koma momveka, bulu ndi bulu ngakhale apite ku Haji.

Ndinauza Dilawar aike mpira wofiira kutali uko, pafupi ndi thumba la pakona, woyera kuno. Ndodo yopindika pang'ono imaseweredwa, bola uziigwira mbali imodzimodzi nthawi zonse, mivi ili pamwamba, kupindikako kuyang'ane pansi. Ndinapaka choko, ndinagona pa tebulo, chibwano pamtengo. Fungo la mpiru linali lidakalipo patalipatali. Dzanja linanjenjemera mpaka pamene ndinakoka, kenako linaleka.

Mpira unalowa osakhudza m'mbali.

Sindinadikire kuti andiombere m'manja. Kunyumba ndanyamula bedi langa lazingwe, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. R. amafuna kugwira mbali ina, ndamukaniza. T. anaima pansi pa masitepe manja ali lende.

Lamulungu, 19 Okutobala

Nkhunda zimayamba phokoso kusanache. Kamphepo kaliko, zoona.

Ndodo ndinagona nayo pambali, poti kudenga kwa kachipinda kano kulibe mbedza. Tiyi wabwera wotentha, ndi dzira.

Dzuwa litakwera ndinamva chinthu chikugunda khoma la masitepe, ndi munthu akupuma ngati njati. T. ndi benchi langa kumsana, chopanira chachitsulo chili pomwepo, osadziwa kuti chimamasulidwa. Walitula pakhomo, malaya ali chonyowa. Watsikanso, wabwera ndi bokosi la zida, ketulo, njerwa ziwiri zija. Kenako wakankhira khola la nkhunda kumapeto kwa denga kuti benchi lipeze malo pamthunzi. Nsungwi yatsopano ndaiona itatsamira pamenepo, chisanza chofiira chili kunsonga.

Za munthu wa mafoni sananene, ine sindinafunse.

Watulutsa mbedza m'thumba, ndi choboolera chobwereka kwa aneba. "Abba, pati?"

Ndamulozera. Wakwera pa benchi, fumbi la simenti likumugwera m'maso. Potsika wanyamula ndodo ija ndi manja awiri, wafunsa kuti mivi imene Dilawar anamuuza dzulo nditachoka ndi iti. Ndamuuza ayambe wasamba m'manja.

Mbedzayo waiika mokhota. Ndamuuza aboolenso.