Gitala Yanu Siibwera

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Matawale tonse tili bwino, kupatula makutu a Mayi.

Gitala munati ndikutumizireni ija siibwera. Loweruka nditapita kwa makolo kukaitenga, ndinangoima pachipata kukamwa kuli yasa! Bambo, omwe aja ankaitcha chida cha Satana mpaka kukuthamangitsani pakhomo chifukwa cha iyo, anali pakhonde ataikumbatira: do-mi, re-fa, mi-so, kukwera mpaka pamwamba, kutsikanso. Magalasi ali pamphuno, zala zikufunafuna mawaya.

Ndinati, "Bambo, Satana walowa liti mumpingo?"

Iwo anati, "Takhala chete iwe, ndikuimba nyimbo ya mchimwene wako. Ankaiimba kuseri kwa bafa, kumayesa sindikumva."

Achimwene, ndi digiri yangayi ndinalephera kuwauza kuti imeneyo si nyimbo, n'zongozoloweretsera zala. Mayi akuti Bambo akamaliza kuimba amangoyang'ana kumsewu.

Ndiye gitalayo iwalani. Tumizani mawaya atsopano, wachitatu watsala pang'ono kuduka. Mukaimba foni musawaululire Bambo zimenezi chonde. Mungokonzeratu dzina la nyimboyo, chifukwa akufuna kulidziwa.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike