Chambo cha pa Galasi

Lolemba, 4 Novembala

Pikapu yagona ku polisi. Ine ndabwera pa kabaza, chambo m'manja.

Mkazi wanga Alice wakhala akulirira chambo chachiwisi sabata yonse, ndipo munthu woyembekezera wa mwezi wachisanu ndi chinayi sutsutsana naye. Ndinagula ziwiri m'mbali mwa msewu n'kuzimangirira pa galasi lakumbali kuti zizipitidwa mphepo, monga amachitira aliyense. Nditaona zipewa zoyera za apolisi pa rodibuloko kutsogolo, nzeru zinandibwerera: andigwira kuti ndatseka galasi. Ndinazisolola msanga n'kuziponya pansi pa mpando.

Asajeni, mayi wamtali wosadziwa kuseka, anazungulira galimoto n'kuima pa tayala lakutsogolo. Lonyowa. Pansi madontho ofiirira. "Mabuleki akudontha awa, bambo. Mukufuna kupha anthu?" Ndikanati ndi madzi a nsomba, akanafunsa kuti nsombazo zinali pati. Ndiye ndinati, "Sindikudziwa, bwana." Fomu 4 yanga yonse inathera pamenepo.

Lachiwiri, 5 Novembala

Bwana wamkulu wa trafiki akuti njira ndi ziwiri. Ndivomere mlandu, galimoto ikokedwe kukayesedwanso ku Lilongwe, kumene mzere wake umadya masabata. Kapena Lolemba ndibwere ndi makaniko wa mapepala aione pamaso pawo. Ndinaulula za nsomba. Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Nanga zili kuti nsombazo?" Umboni wanga Alice anaudya dzulo, mutu womwe anayamwa.

Zosaseketsa ndi izi: kuchipatala cha ku Mua anamuuza Alice kuti zikangoyamba asachedwe panjira, poti mwana wathu Prisca anabadwa pa opaleshoni. Zokadikirira kuchipatala anakana. "Galimoto tili nayo, Prisca ndimusiyire ndani?" Tsopano tilibe.

Lachitatu, 6 Novembala

Gibson, makaniko wa pa Mtakataka, amene pikapuyi amaidziwa kuposa mkazi wake, wakana.

"Achimwene, pa rodibuloko paja ndimadutsapo tsiku lililonse poyesa magalimoto a eni. Laisensi yanga munaionapo?"

Ndinati ayi.

"Nanenso sindinaionepo."

Sindinakwiye. Munthu wanena zoona.

Lachinayi, 7 Novembala

Golomoti, dzuwa lowotcha mpaka phula kumata ku nsapato. Francis wa pagalaja ya pamphambano anavomera ndisanamalize n'kufotokoza komwe. "Ndikanena kuti mabulekiwo ndinamanga ndine, dzana lomweli." Ndinamukumbutsa kuti galimotoyo sanaionepo. "Ndiye vuto lili pati, bwana?" Satifiketi ili pakhoma ndithu, m'felemu yokongola. Koma dzina lolembedwapo ndi la mkulu wake amene ali ku Joni.

Mboni yotere ikhoza kumangitsa ndi wansembe yemwe. Ndinathokoza, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Wa kabaza pobwerera anati ndiyese che Zuberi akunyanja. Kale ankakonza malole a kampani, pano amakonza mainjini a maboti. "Koma ndi ovuta, sanyengerera."

Lachisanu, 8 Novembala

Che Zuberi ndinawadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka atatuluka mu mzikiti. Munthu wochepa thupi, ndevu zoyera, zala zakuda ndi girisi wa zaka zambiri. Mapepala ali nawo, enieni, dzina lawo lomwe. Anamvetsera nkhani yonse osaseka, ngakhale pa nsomba paja.

"Ndipita. Koma mumve bwino, bambo a Prisca. Ine sindikhala mboni yanu, ndikhala mboni ya galimoto. Chimene ndikapeze ndikanena, wallahi, pali Mulungu, kaya chikukomereni kaya ayi."

Ndinavomera mwachangu ngati munthu wosalakwa. Panjira m'pamene ndinayamba kukumbukira: chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya, waipa imodzi yokha, hutala yolira ikafuna yokha.

Nditamuuza Alice anati, "Mumafuna makaniko kapena wokuimbirani kwaya?"

Loweruka, 9 Novembala

Alice akuti msana. Kenako akuti palibe kanthu. Ndapempha aneba athu a Zakariya kuti ng'ombe zawo zangolo zisapite kutali.

Lolemba, 11 Novembala

Che Zuberi anafika ndi jeke, sipanala ziwiri ndi katoni yakale ya sopo. Anatsegula boneti: mafuta a mabuleki ali pa mzere pawo. Anayala katoni kunsi kwa tayala, n'kupempha asajeni kuti akwere okha aponde. "Pondani ngati mwaona mwana pamsewu, mayi." Anaponda, naponda, mpaka thukuta. Katoni youma gwa. Kenako anakanda ndi chikhadabo m'mphepete mwa chitseko, kunsi kwa galasi, n'kuonetsa bwana wamkulu kanthu konyezimira.

"Buleki ilibe mamba, bwana."

Mtima wanga unayamba kuvina. Koma mkuluyo m'malo molongedza zida, anagona chagada n'kulowanso kunsi. Miyendo yokha ikuoneka. Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso.

"Asajeni, tabwerani muone."

Ndinalakalaka Francis.

Paipi ya mabuleki yakhala ikukhuzana ndi chitsulo, yadyeka mbali imodzi, yatsala ngati khungu la anyezi. "Tsiku lija sinadonthe, lero sikudontha. Koma Khirisimasi sikanaiona." Asajeni anadzuka akusasa fumbi m'mawondo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti mano ali nawo.

Bwana wamkulu anaganiza kaye. Mlandu wa kudontha wafa. Galimoto situluka mpaka paipi yatsopano italowa, pabwalo pomwepo, che Zuberi atavomereza. "Za nsomba pa galasi, bambo, tingoti sitinamve."

Potuluka ndinati, "Che Zuberi, zija mukanandiuza pambali." Iwo anati, "Pambali mukanati mawa." N'kukwera njinga yawo.

Lachiwiri, 12 Novembala

Paipi yapezeka ku Salima. Yalowa. Che Zuberi anandipondetsa buleki mpaka mwendo kuchita dzanzi, iwo akutulutsa mpweya kunsi. Waya wa chitseko anangomuyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Ndati ndikonza Loweruka. Pikapu yagona pakhomo, Prisca waipsompsona pa nyali.

Lachitatu, 13 Novembala

Ndikulemba pa benchi kuchipatala ku Mua.

M'mawa Alice akuanika zovala anangoima, chovala m'manja. "Bambo a Prisca, kiyi." Prisca tinamusiya kwa a Zakariya, amene anaoneka okhumudwa pang'ono kuti ng'ombe zawo zachotsedwa ntchito.

Pa rodibuloko, dzanja m'mwamba. Asajeni omwe aja. Anayang'ana galasi, anayang'ana tayala, kenako anaona Alice atagwira chitseko ndi manja awiri. Mgolo wotchinga msewu anakankha okha.

"Thamangani! Ayi, musathamange. Pitani bwino."

Pokhotera ku mishoni mbuzi zitatu zinatulukira m'tchire ngati zatumidwa. Ndinaponda. Galimoto inaima pomwepo, nji. Alice anandinena mawu amene sindilemba muno.

Anamwino analowa naye kalekale. Ndawerenga zonse zapakhoma, mpaka za malungo kawiri.

Chitseko chatseguka. Namwino wavula chophimba pakamwa, akumwetulira, akufunsa kuti amuna a Alice ndi ati.