Msana Wanga ndi Dzina la Safeli

Philippi, Cape Town
9 Ogasiti 2004

Okondedwa achemwali Aishah,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Ntaja. Ine ndayambanso kuyenda, ngakhale pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Kalatayi muyambe mwaiwerenga nokha musanawauze amayi.

Mu Juni ndinakulemberani kuti msana wandigwira, ululu ukutsikira m'mwendo wakumanzere mpaka kuchala, ndipo ndinati wandilodza ndi Safeli, mnzanga amene tinabwera naye kuno. Ndinati akuchita nsanje poti bwana wa pafamu anandisankha kukhala kapitawo, ndiponso kuti anandiuza kuti, "Msanawo udzaulira." Ndamva kuti inu munapita kukawalalatira mayi ake pamjigo, ndipo tsopano amayi anzawo sakuwapatsa moni ngakhale kumzikiti.

Achemwali, china ndinakubisirani. Safeli ananena mawuwo atandiona ndikunyamula matumba awiri a mbatatesi nthawi imodzi, chowerama, kuti bwana andione mphamvu. Ankandichenjeza. Tsiku lachitatu ndikunyamula choncho ndinamva msana kuti the! Ndinachita manyazi kunena kuti ndadzipweteka ndekha chifukwa cha matama.

Ndinagona masabata atatu, ndikumwa za asing'anga. Lachisanu lina Safeli anangolowa, nandiveka jekete, nandikweza takisi yopita kuchipatala ku Wynberg. Pamabampu paliponse ankandigwira phewa.

Adokotala, mayi wamagalasi, anandigoneka chagada n'kukweza mwendo wanga uli wowongoka. Ndinakuwa. Chingerezi changa mukuchidziwa, ndiye womasulira anali Safeli yemweyo. Adokotala atafunsa kuti zinayamba bwanji, Safeli anandiyang'ana nati motsitsa mawu, "Hamis, ndiwauze za matumba awiri aja, kapena ndiwauze za ine?"

Mayi ake anali atamulembera kale zonse. Ndinangoti zyoli. "Uwauze za matumba."

Adokotala anatulutsa msana wapulasitiki n'kutionetsa. Akuti pakati pa mafupa a msana pali timaphira tofewa, amati madisiki. Kanga kamodzi, kam'munsi cha m'chiuno, kanaphwanyika mbali n'kutuzuka, ndiye kakupanikiza mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake mwendo umachita dzanzi ngakhale kuti vuto lili kumsana. Ine ndinafunsa ngati andipange opaleshoni. Anati ambiri amachira popanda mpeni, pakangopita masabata angapo. Anandipatsa mapiritsi opha ululu, nandikalipira chifukwa chogona tsiku lonse, akuti kumangoumitsa msana. Anati ndiziyenda pang'ono m'mawa ndi madzulo, ndizichita mafizo amene anandiphunzitsa, ndipo ndikadzayambanso kunyamula katundu ndizipinda mawondo, katunduyo ali pafupi ndi thupi. Koma mkodzo ukadzayamba kuvuta kapena mwendo kufooka, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawu onsewa anadutsa pakamwa pa Safeli, ndipo sanaonjezerepo lake ngakhale limodzi.

Pobwerera ndinamupepesa. Anati, "Ine ndili kuno, palibe akunditukwana. Amayi anga ndi amene akutunga madzi ali okhaokha." Mpaka lero amabwera akaweruka, n'kuyenda nane mpaka kumapeto kwa minda ya kabichi, koma kuseka kuja tinkaseka kunatha.

Tsono pempho langa ndi ili. Mupite kwa mayi ake, osati kunyumba kwawo mobisa ayi, koma pamjigo pomwepo, anthu ali pamzere. Mukanene kuti Hamis ananama. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani manyazi amene si anu, inu munangokhulupirira mlongo wanu. Ngati mawu akakuvuteni, mukangowerenga kalatayi mokweza, osadumpha pa matumba paja.

Moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo sanalodzedwe. Moni kwa alamu, ndi kwa mwana wanu Abdulmajid, mumuuze alimbikire sukulu. Kwa mayi ake a Safeli, sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire. Mukawapatsebe, ndipo zimene akayankhe mudzandilembere monga momwe anenere.

Ndine mlongo wanu,
Hamis